Kodi mphamvu zimene Yesu ankachitira zozizwitsa ankazitenga kuti?

Tiyamike: Moni nonse, makolo ndi abale. Ndili ndi funso limene landisowetsa tulo. Ku mapemphero a usiku wonse Lachisanu lapitali, mlaliki ananena kuti Yesu pobwera pansi pano anasiya Umulungu wake kumwamba, ndipo zozizwitsa zonse anazichita ngati munthu wamba wodzazidwa ndi Mzimu Woyera. Akuti n'chifukwa chake sanachite chozizwitsa chilichonse asanabatizidwe mu Yordano. Pomaliza anati ifenso, popeza tili ndi Mzimu yemweyo, palibe chimene Yesu anachita choti ife n'kutikanika. Anthu anaomba m'manja, koma ine mtima wanga sunakhazikike. Ndithandizeni. Mphamvu zakezo zinali zake monga Mulungu, kapena anachita kupatsidwa?

Bambo a Mphatso: Achemwali, mlalikiyo sanachoke kutali ndi Malemba. Tsegulani Machitidwe 10:38. Petro ali m'nyumba ya Korneliyo akunena kuti Mulungu anamudzoza Yesu wa ku Nazarete ndi Mzimu Woyera ndi mphamvu, ndipo ankachiritsa onse osautsidwa ndi mdierekezi chifukwa Mulungu anali naye. Ndiye tsatirani mmene Luka akuyalira nkhaniyi. Pa 3:22 Mzimu akutsikira pa Iye. Pa 4:1 akuchoka ku Yordano ali wodzala ndi Mzimu. Pa 4:14 akubwerera ku Galileya mu mphamvu ya Mzimu. Pa 4:18 waimirira m'sunagoge ku Nazarete n'kuwerenga Yesaya kuti Mzimu wa Ambuye uli pa Ine. Mwini wake pa Mateyu 12:28 akuti amatulutsa ziwanda ndi Mzimu wa Mulungu. Zaka pafupifupi 30 anakhala ku Nazarete akupala matabwa, ndipo Yohane 2:11 akuti chizindikiro choyamba chinali cha ku Kana, ubatizo utachitika kale. Ine sindikuonapo vuto.

Mayi Nasibeko: Bambo a Mphatso, mavesiwo ndawamva. Koma zoti anasiya Umulungu kumwamba, ayi, zimenezo sindingavomere ngakhale pang'ono. Nanga anzeru a kum'mawa aja anagwadira ndani ku Betelehemu? Nthawi imeneyo Yordano anali asanapiteko. Elizabeti anatchula Mariya kuti amayi a Ambuye wanga mwana ali m'mimba. Dzina loti Emanuele likutanthauza kuti Mulungu ali nafe. Akanausiya kumwamba Umulunguwo, amene anali nafeyo akanakhala ndani?

Bambo a Mphatso: Mayi, mundimvetse. Ine sindikunena kuti anasiya kukhala Mulungu. Ndikuti sanaugwiritse ntchito Umulungu wakewo. Anauika pambali mwa kufuna kwake, monga Afilipi 2:7 akunenera kuti anadzikhuthula yekha. Abusa a Bill Johnson a mpingo wa Bethel ku Redding, ku America, amaphunzitsa chomwechi, kuti Yesu anachita zozizwitsa ngati munthu amene ali pa ubale wabwino ndi Mulungu, koma nawonso amanena kuti sanaleke kukhala Mulungu. Kuno ku Joni tiliko ambiri amene chiphunzitsochi chinatilimbitsa mtima kuti tizipempherera odwala mopanda mantha.

Kondwani: Ine funso langa likupitirira pamenepo. Anzanga a Mboni za Yehova kuntchito amandionetsa Yohane 5:19, pamene Yesu akunena kuti Mwana sangathe kuchita kanthu pa yekha, ndi 14:10 pamene akuti Atate wokhala mwa Iye ndi amene akuchita ntchitozo. Iwo amati munthu wochita kulandira mphamvu sangakhale wofanana ndi amene akumupatsa. Ndimasowa choyankha. Ndiye mukamanena kuti ankadalira Mzimu pa chilichonse, sindikuona kusiyana kwenikweni ndi zimene iwo amanena.

Admin: Tiyeni tikambirane mwaulemu monga mwa nthawi zonse. Abusa athu ali pa gulu pano, mwina atiunikire akapeza mpata.

Abusa Opuma: Ana anga, ndawerenga zonse. Tiyamike, wachita bwino kufunsa, safunsa anadya phula.

Ndiyambe ndi kunena kuti mavesi amene apereka Bambo a Mphatso ndi oona, ndipo sanawakhotetse. Kudzozedwa kwa Yesu ndi Mzimu sikunali kwa chiphamaso. Ife a CCAP tisamaganize kuti nkhani ya Mzimu pa Yesu ndi ya a Pentekoste okha. Katekisma wa Heidelberg, wa mu 1563, pa funso 31 amafunsa chifukwa chimene Iye akutchedwa Khristu, ndipo yankho lake ndi lakuti anaikidwa ndi Mulungu Atate n'kudzozedwa ndi Mzimu Woyera kuti akhale mneneri wathu, mkulu wa ansembe wathu ndi mfumu yathu. Chivomerezo cha Westminster, cha mu 1646, pa mutu 8 chimati mu umunthu wake anayeretsedwa ndi kudzozedwa ndi Mzimu Woyera kopanda muyeso. Mbusa wina wa ku England, John Owen, analemba mwamphamvu kwambiri mu 1674 kuti mphatso zonse za umunthu wa Yesu, nzeru, chiyero ndi zozizwitsa zomwe, zinkabwera kudzera mwa Mzimu. Owen sanali munthu wokayika za Umulungu wa Khristu ngakhale pang'ono.

Pamene mlaliki uja anakhota ndi apa. Anatenga mawu oti "mwa Mzimu" n'kuwamva ngati akutanthauza kuti "osati monga Mulungu". Koma dzifunseni, Mzimu amene anatsika ku Yordano uja ndi wa yani? Paulo akumutchula Mzimu wa Khristu pa Aroma 8:9, ndi Mzimu wa Mwana wake pa Agalatiya 4:6. Pa Yohane 15:26 Yesu akuti adzamutuma Iye mwini kuchokera kwa Atate. Atauka anauzira mpweya pa ophunzira n'kuti landirani Mzimu Woyera. Ndi mneneri uti anachitapo zotere? Mose anali ndi Mzimu, koma pa Numeri 11 ndi Yehova amene anatengako Mzimuwo n'kuika pa akulu 70, osati Mose. Elisa atapempha magawo awiri a mzimu wa Eliya, Eliya anayankha kuti wapempha chinthu chovuta, chifukwa kupereka Mzimu sikunali m'manja mwake. Yesu yekha ndiye amalandira Mzimu monga munthu, n'kumupereka monga Mulungu. Choncho pamene akuchiritsa mwa Mzimu, sakubwereka mphamvu ya mlendo ayi. Mphamvu ya Mulungu ndi imodzi, ya Atate, ya Mwana ndi ya Mzimu Woyera.

Kondwani: Zikomo abusa. Nanga Yohane 5:19 uja?

Abusa Opuma: Anzakowo uziwapempha kuti amalize vesilo. Likupitiriza kunena kuti zimene Atate amachita, zomwezo Mwana amachitanso chimodzimodzi. Kodi pali mngelo kapena cholengedwa chimene chinganene kuti zonse zimene Mulungu amachita inenso ndimachita? Pa vesi 21 akuti monga Atate amaukitsa akufa, Mwananso amapatsa moyo amene Iye wafuna. Pa vesi 23 akuti onse alemekeze Mwana monga amalemekezera Atate. Bwereranso m'mbuyo pa vesi 17 ndi 18. Atachiritsa munthu wodwala zaka 38 uja pa Sabata, anati Atate anga akugwirabe ntchito, Inenso ndikugwira. Akuluakulu a Ayuda anamva bwino lomwe kuti akudzilinganiza ndi Mulungu, ndipo anafuna kumupha. Ndiye mawu oti sangachite kanthu pa yekha sakunena za kuperewera mphamvu. Akunena kuti palibe ntchito ya Mwana imene ili yosiyana ndi ya Atate. Augustine, bishopu wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, ankaphunzitsa kuti ntchito za Utatu sizigawanika. Pamene Mwana akuchiritsa, Atate akuchiritsa ndipo Mzimu akuchiritsa, ndi ntchito imodzi.

Akatekisiti a Mbewe: Ndiwonjezereko pa zimene anena abusa, chifukwa mkangano umenewu si wa lero. Unachitikapo m'mpingo wakale, ndipo a kuno ku Africa ndi amene anali patsogolo.

Kale m'zaka za m'ma 200 kunali Paul wa ku Samosata, bishopu wa ku Antiokeya, amene ankaphunzitsa kuti Yesu anali munthu chabe amene mphamvu ya Mulungu inakhala pa iye. Anachotsedwa pa udindo mu 268. Kenako kunabwera Arius, wansembe wa ku Alexandria m'dziko la Egypt, amene ankati Mwana anachita kulengedwa. Msonkhano wa ku Nicaea mu 325 unakana zimenezi n'kuvomereza kuti Mwana ndi Mulungu weniweni wochokera mwa Mulungu weniweni, wobadwa, osati wolengedwa. A Kondwani, zimene akukuuzani anzanuwo zikufanana kwambiri ndi za Arius.

Koma chimene chikukhudza funso la a Tiyamike mwachindunji ndi cha mu 430. Cyril, bishopu wa ku Alexandria, analembera Nestorius, bishopu wa ku Constantinople, kalata yokhala ndi mfundo 12 zokana ziphunzitso zolakwa. Mfundo ya nambala 9 ikunena za nkhani yathu yomweyi. Ikukana aliyense wonena kuti Yesu ankagwiritsa ntchito mphamvu ya Mzimu ngati mphamvu ya wina, m'malo movomereza kuti Mzimu amene ankachitira zizindikiro zija anali wake womwe. Chaka chotsatira, mu 431, msonkhano wa ku Efeso unachotsa Nestorius pa udindo. Ndiye mu 451 ku Chalcedon mpingo unavomereza kuti Khristu ndi mmodzi, Mulungu weniweni ndi munthu weniweni, ndipo Umulungu ndi umunthu wake sizisakanikirana, sizisinthika, sizigawanika komanso sizilekana. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa mu 1992, pa ndime 468, akunena kuti zonse za mu umunthu wa Khristu, zozizwitsa, masautso ndi imfa yomwe, mwini wake ndi Mwana wa Mulungu. Amene anatopa n'kugona pamtsamiro m'ngalawa ndi yemweyo amene anadzuka n'kudzudzula mphepo. Si anthu awiri.

Bambo a Mphatso: Akatekisiti, ndimalemekeza mbiri, koma misonkhano si Baibulo. Ine ndikufuna wina andiyankhe za Afilipi 2:7. Ngati anadzikhuthula, anakhuthula chiyani? Komanso ngati ankagwiritsa ntchito Umulungu wake, chitsanzo chake chindithandiza bwanji ine? Poyesedwa m'chipululu, ngati ankapambana chifukwa ndi Mulungu, ndiye kuti mayeserowo anali masewera chabe. Ahebri 4:15 akuti anayesedwa m'zonse monga ife.

Abusa Opuma: Funso lolemera limenelo, ndipo ndikuyankhani ndi Baibulo lokhalokha. Paulo sananene kuti anataya kanthu kena. Chiganizo chomwecho chikufotokoza mmene anadzikhuthulira: anatenga maonekedwe a kapolo, nakhala ngati anthu, nadzichepetsa kufikira imfa ya pamtanda. Paulo yemweyo pa Akolose 2:9 akuti mwa Iye mukukhala chidzalo chonse cha Umulungu m'thupi, ndipo pa 1:17 akuti zinthu zonse zimagwirizana mwa Iye. Ahebri 1:3 akuti amanyamula zonse ndi mawu a mphamvu yake. Pa zaka zimene ankayenda mu Galileya, dzuwa linkatulukabe, mvula inkagwabe. Ankazigwirizira ndani? Katekisma wa Heidelberg pa funso 48 amati Umulungu wake sunatsekeredwe m'kati mwa umunthu umene anautenga, ngakhale kuti uli momwemo ndipo sulekana nawo.

Maganizo oti anavula zina za Umulungu anatchuka ku Germany m'zaka za m'ma 1800. Gottfried Thomasius, wa mpingo wa Lutheran ku Erlangen, ankati Mwana anasiya mphamvu zonse, kudziwa zonse ndi kupezeka paliponse, n'kutsala ndi chiyero, chikondi ndi choonadi. Cholinga chake chinali chabwino, ankafuna kuteteza umunthu weniweni wa Yesu. Koma Mulungu amene wasiya kukhala wamphamvuyonse kwa zaka zoposa 30, kodi akadali Mulungu amene ananena pa Malaki 3:6 kuti Ine Yehova sindisinthika?

Za mayesero, yang'anitsitsani yesero loyamba lija. Mdierekezi anati ngati ndiwe Mwana wa Mulungu, lamula kuti miyala iyi isanduke mkate. Inu ndi ine sitingayesedwe ndi zimenezo, chifukwa sitingathe. Yeserolo linali loluma chifukwa Iye akanatha. Njala ya masiku 40 inali yeniyeni, mphamvu inalipo, koma anakana kuigwiritsa ntchito podzipulumutsa yekha. Ku Getsemane anauza Petro kuti akanatha kupempha Atate n'kumutumizira magulu a angelo oposa 12. Choncho mukanena kuti sanagwiritse ntchito ulemerero wake podzipeputsira mtolo, ndikuvomerezana nanu ndi mtima wonse. Anamvera monga munthu, anapemphera ndi kulira ndi misozi monga Ahebri 5:7 akunenera, anadalira Atate ndi Mzimu. Koma mukanena kuti Umulungu wake unangokhala chete osagwira ntchito pa zozizwitsa zake, pamenepo Mauthenga Abwino sakugwirizana nanu.

Akatekisiti a Mbewe: Ndingowonjezera kuti Papa Pius XII anakana chiphunzitso cha kuvula Umulunguchi mu 1951, pokumbukira kuti papita zaka 1,500 chichitikire msonkhano wa ku Chalcedon. Pa mfundo iyi ife ndi a CCAP tili pamodzi.

Mayi Nasibeko: Ine si wophunzira za mbiri, koma ndimawerenga Baibulo langa. Taonani mmene ena ankachitira zozizwitsa. Eliya pofuna kuukitsa mwana wa mayi wamasiye wa ku Zarefati anafuulira kwa Yehova, n'kudzitambasula pa mwanayo katatu. Petro asanaukitse Tabita anagwada n'kupemphera. Kwa Eneya anati Yesu Khristu akukuchiritsa. Ku Kachisi, munthu wolumala atachiritsidwa, anthu atayamba kuyang'anitsitsa Petro ndi Yohane, Petro anawafunsa kuti bwanji mukutiyang'ana ngati tamuyendetsa munthuyu ndi mphamvu yathu. Paulo ndi Barnaba ku Lustra anang'amba zovala zawo anthu atafuna kuwaperekera nsembe. Tsono bwerani kwa Yesu. Wakhate atati ngati mufuna mukhoza kundikonza, Iye anangoti ndifuna. Ku Naini anakhudza chithatha n'kuti mnyamata iwe, ndinena ndi iwe, tauka. Kwa nyanja anati tonthola, khala bata, ndipo ophunzira anachita mantha n'kumafunsana kuti kodi ameneyu ndani. Iwo ankadziwa Salimo 107, kuti wotontholetsa namondwe ndi Yehova. Atayenda pa madzi anamugwadira, ndipo Iye sanang'ambe zovala. Kwa ine kusiyanaku kukuonekeratu.

Kondwani: Koma mayi, pa manda a Lazaro anapemphera. Ndipo ku Nazarete Marko 6:5 akuti sanathe kuchita zamphamvu kumeneko.

Mayi Nasibeko: Inde anapemphera, koma werengani zimene ananena. Anayamika Atate kuti amamumva nthawi zonse, n'kunena kuti walankhula izi chifukwa cha anthu oimirira pamenepo. Komanso anali atauza kale Marita kuti Ine ndine kuuka ndi moyo. Za ku Nazarete, vesi lomwelo likuti anaika manja pa odwala owerengeka n'kuwachiritsa. Mphamvu sinamuthere. Anthuwo anamukana, ndipo Iye sankachita zizindikiro mokakamiza anthu kapena mongodzionetsera.

Agogo Jere: Ine ndimamva motere. Mfumu ya m'mudzi ikavula mkanjo wake n'kutenga khasu kukalima pamodzi ndi anthu ake, matuza amene ituluke m'manja ndi enieni, thukuta ndi lenileni. Koma ufumu sinausiye kunyumba. Mlandu ukabuka pomwepo pa munda, ikalankhula, mawuwo ndi a mfumu.

Abusa Opuma: Agogo, fanizolo likuthandiza, bola tikumbukire kuti mfumu ndi munthu kale ngati anthu akewo, ndipo madzulo imabwerera kukavala mkanjo. Mwana wa Mulungu anatenga chimene sanali, ndipo umunthuwo sanauvulenso. Ali nawo mpaka lero kudzanja lamanja la Atate.

Nachisale: Pepani kuti ndalowa mochedwa, ndinali pa ntchito usiku. Ine ndine namwino, ndipo nkhaniyi kwa ine si ya m'mabuku. Chiphunzitso choti chilichonse chimene Yesu anachita ifenso tiyenera kuchichita ndimaona zipatso zake m'mawodi. Munthu amapemphereredwa, osachira, ndiye amayamba kufufuza kuti walakwa ndani. Popeza akuti Yesu anali munthu ngati ife ndipo sankalephera, vuto liyenera kukhala mwa wodwalayo, kaya chikhulupiriro chachepa, kaya pali tchimo lobisika. Ndaonapo anthu atasiya kumwa ma ARV kapena mankhwala a shuga pofuna kuonetsa chikhulupiriro, n'kubwera kuchipatala zinthu zitafika poipa. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mayi amene mwana wake wamwalira, pamwamba pa maliro n'kumasenzanso mlandu woti sanakhulupirire mokwanira. Bambo a Mphatso, sindikunena kuti inu mumaphunzitsa zimenezi. Koma njira imene mlaliki uja anatsegula imakathera kumeneko.

Bambo a Mphatso: Achemwali, zimenezo zimandipweteka inenso, ndipo ku mpingo kwathu sitiuza munthu kuti asiye mankhwala. Koma tisathawire mbali inayo. Pali mipingo imene pemphero la odwala linangosanduka mwambo, palibe amene akuyembekezera kuti Mulungu achitapo kanthu. Yohane 14:12 akuti wokhulupirira Ine adzachita ntchito zimene Ine ndikuchita, ndipo adzachita zoposa izi. Yakobo 5:14 akuti wodwala aitane akulu a mpingo. Mavesi amenewa sanafufutidwe.

Abusa Opuma: Sanafufutidwe, ndipo pamenepa mwatidzudzula moyenera. Tizipempherera odwala tikuyembekezera. Koma onani chifukwa chimene Yesu akupereka pa Yohane 14:12. Akuti chifukwa Ine ndikupita kwa Atate, ndipo vesi lotsatira akuti chimene mudzapempha m'dzina langa ndidzachichita. Wochita ndi Iyebe. Luka akuyamba buku la Machitidwe ndi kunena kuti m'buku loyamba analemba zimene Yesu anayamba kuchita ndi kuphunzitsa, kusonyeza kuti za atumwi zija ndi kupitiriza kwa ntchito ya Yesu yemweyo. Pa Pentekoste anthu pafupifupi 3,000 anabatizidwa tsiku limodzi, ndipo Uthenga unachoka ku Yerusalemu mpaka unafika kuno kwathu. Zoposa zija tiziyang'anenso pamenepo.

Mzimu ndi yemweyo, zoona. Koma Yohane 3:34 akunena za kupatsidwa Mzimu kopanda muyeso, pamene za ife Aefeso 4:7 akuti aliyense wapatsidwa chisomo monga mwa muyeso wa mphatso ya Khristu, ndipo 1 Akorinto 12 akuti Mzimu amagawira yense monga afuna, n'kufunsa kuti kodi onse ali nazo mphatso za machiritso. Yohane Mbatizi anadzazidwa ndi Mzimu Woyera kuyambira m'mimba mwa amayi ake, koma Yohane 10:41 akuti sanachite chizindikiro ndi chimodzi chomwe. Kodi tinene kuti analibe chikhulupiriro? Paulo anasiya Trofimo akudwala ku Mileto. Timoteo ankadwaladwala m'mimba. Ndipo m'mutu womwewo wa Afilipi 2 umene tikukambiranawu, Epafrodito anadwala mpaka pafupi kufa, Paulo n'kunena kuti Mulungu anamuchitira chifundo. Sananene kuti ndinalamula matendawo. Cholinga cha Paulo polemba za kudzikhuthula kwa Khristu chinali choti Afilipi aleke ndewu ndi kudzikuza, aliyense aziona mnzake ngati womuposa. N'zomvetsa chisoni kuti mutu wophunzitsa kudzichepetsa ukugwiritsidwa ntchito potiuza kuti ndife ofanana ndi Ambuye mu mphamvu.

Tiyamike: Abusa, ndiye ndikamva bwino, yankho si kusankha pakati pa Umulungu wake ndi Mzimu Woyera?

Abusa Opuma: Wamva bwino mwanangu. Baibulo likunena zonse zitatu. Atate wokhala mwa Iye akuchita ntchito, Iye akutulutsa ziwanda mwa Mzimu, ndipo ku Kana Yohane akuti anaonetsa ulemerero wake, wa Iye mwini. Za kuuka kwake n'chimodzimodzi. Agalatiya 1:1 akuti Atate anamuukitsa. Pa Yohane 10:18 Iye akuti ali nayo mphamvu yotaya moyo wake ndi mphamvu youtenganso. Aroma 8:11 akulumikiza kuukako ndi Mzimu. Ukachotsapo chimodzi, watsala ndi mavesi amene ulibe powaika.

Agogo Jere: Pali chinanso chimene sitinachikhudze. Kwathu kuno munthu akayamba kuchita zodabwitsa, anthu amafunsa kuti mphamvuzi wazitenga kuti, wakhwimira kuti. Yesu nayenso anafunsidwa zomwezo. Alembi ochokera ku Yerusalemu, pa Marko 3:22, sanakane kuti ziwanda zikutuluka, koma anati akuzitulutsa ndi mphamvu ya Belezebule. Ku Kachisi anamufunsa kuti ulamuliro umenewu wakupatsa ndani. Chimene chimandiopsa masiku ano n'choti anthu akuiona mphamvu ya Mulungu ngati chithumwa, chinthu choti ungapatsidwe m'botolo la mafuta kapena madzi ukapereka ndalama. Simoni wa ku Samariya anafuna kugula ndi ndalama, Petro anamuuza kuti ndalama zakozo ziwonongeke nawe pamodzi. Ana a Skeva ku Efeso anatchula dzina la Yesu ngati mankhwala, n'kuthawa ali maliseche ndi mabala. Tikamaphunzitsa kuti Yesu anali munthu amene anangopeza njira yotengera mphamvu, achinyamata athu aziyendayenda kufunafuna njira imeneyo, ndipo ogulitsa sadzasowa.

Nachisale: Agogo mwanena zoona. Mayi amene ankataya magazi zaka 12 uja anakhudza chovala, koma Marko akuti Yesu anazindikira kuti mphamvu yatuluka mwa Iye. Sinali m'nsalu. Ndipo sanamulole kuti angozemba, anamufunafuna mpaka analankhulana naye maso ndi maso n'kumutchula kuti mwana wanga.

Kondwani: Zambiri zandimvekera. Chatsala chimodzi chimene anzanga aja amachikonda kwambiri, Marko 13:32, pamene akuti za tsikulo sadziwa munthu, ngakhale angelo, ngakhale Mwana, koma Atate okha. Ngati sanasiye kudziwa zonse, vesili tilitani?

Akatekisiti a Mbewe: Katekisimu wathu pa ndime 474 amalumikiza vesi limenelo ndi Machitidwe 1:7. Chimene ananena kuti sakuchidziwa pa nkhani imeneyi, kwina ananena kuti sanatumidwe kudzachiulula. Koma ndime 472 ikuvomerezanso kuti nzeru za umunthu wake zinali ndi malire, ndipo ankaphunzira ndi kufunsa monga munthu aliyense.

Abusa Opuma: Ine ndimatsamira kwambiri pa mbali yachiwiriyo. Luka 2:52 akuti ankakula mu nzeru, ndipo chinthu chimene chikukula ndiye kuti sichinafike pa mapeto. Anali ndi maganizo enieni a munthu, amene ankadziwa zimene Atate anafuna kuti adziwe pa ntchito imene anamutuma. Apollinaris wa ku Laodikeya ankaphunzitsa kuti Mawu a Mulungu analowa m'malo mwa maganizo a umunthu mwa Yesu, ndipo mpingo unakana zimenezo ku Constantinople mu 381, chifukwa akanapanda kutenga maganizo ngati athu, maganizo athu sakanapulumutsidwa. Choncho monga munthu ananena zoona kuti sakudziwa tsikulo, monga ananenanso zoona pamtanda kuti ndili ndi ludzu. Koma yemweyo ndi amene Petro anamuuza kuti Ambuye, Inu mudziwa zonse, ndipo sanamutsutse. Anzakowo amagwira vesi limodzi n'kusiya linzake. Mlaliki wa Tiyamike uja anachitanso chimodzimodzi.

Bambo a Mphatso: Abusa, pa zoti Mzimu ndi wa Khristu mwini ndipo sanabwereke mphamvu ya mlendo, ndikuvomereza, ndipo mawu oti anasiya Umulungu kumwamba sindingawayikire kumbuyo. Koma pa Yohane 14:12 sindinakhutire. Mawu oti ntchito mu Yohane amanena kawirikawiri za zizindikiro zimene ankachita, osati za kuchuluka kwa otembenuka mtima kokha. Ndikufuna tidzabwererenso pa vesi limeneli palokha, tidzaliwerenge kuyambira vesi 8 pamene Filipo akupempha kuti awaonetse Atate.

Admin: Chabwino, Yohane 14:8 mpaka 17 tiyambe Lachiwiri madzulo. Bambo a Mphatso mudzatitsegulire, kenako Akatekisiti ndi Abusa adzayankhe. Amene muli ndi Buku Lopatulika ndi Buku Loyera mudzawerengeretu monsemo.